Matayala a Torfi ndi Ukwati wa pa Kaldabunga

Galaja ya Dísa ili kumapeto kwa tauni yathu ya Hella, pomwe msewu wa kumapiri umayambira, ndipo aliyense wokwera kumtunda m'nyengo yozizira amayamba waima pamenepo. Ena amaimira matayala, ena khofi, koma ambiri amaimira miseche. M'katimo mumanunkha labala ndi guluu, wailesi imalengeza zanyengo tsiku lonse, ndipo Dísa mwini wakeyo, mayi wamfupi wa manja okhakhala, amatha kuyang'ana tayala kamodzi kokha n'kukuuza chitunda chimene lidzakusiye.

Sabata imeneyo ya mwezi wa Malichi m'galajamo mudalibe nkhani ina koma ukwati. Ingvar, mwana wa Dísa, ankakwatira Birta, mwana wa Torfi, ndipo awiriwo adakanitsitsa za tchalitchi cha m'tauni. Adadziwana pa kanyumba ka apaulendo ka pa Kaldabunga, onse ali m'gulu lopulumutsa anthu osochera m'mapiri, choncho adati ukwati wawo ukamangidwira pomwepo. Kuchokera pomwe msewu umathera kukafika pa kanyumbako pali makilomita makumi atatu a chipale chofewa chokhachokha, chakuya kuposa denga la nyumba. Tauni yonse idatekeseka. Amayi ankaluka majuzi usana wonse, abambo ankakangana za njira yodzera, ndipo abusa Oddný adagula nsapato zatsopano za m'chipale n'kumayenda nazo m'tauni kuti zifewe.

Koma wachimwemwe kuposa onse adali Torfi. Munthuyu adayendetsa malole a nsomba kuzungulira Iceland yense kwa zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo sadagwetsepo ngakhale bokosi limodzi. Tonse timamulemekeza pa zimenezo, ngakhale kuti iye sadikira kuti timuyamikire, amayamba yekha. Chimene satchula n'chakuti ntchitoyo idamudyera mwana. Tsiku limene Birta ankalowa mumpingo, Torfi adali atatsekeredwa ndi mphepo kum'mawa kwa dziko. Tsiku limene ankalandira satifiketi ya sukulu, Torfi adali padoko kudikira sitima. Mayi ake atamwalira, mtsikanayo adakulira kwa azakhali, bambo ake akumawamva pafoni madzulo aliwonse, injini ikulira kumbuyo kwa mawu awo.

N'chifukwa chake tsiku la ukwati litadziwika, Torfi adakhazika mwana wake pansi m'khitchini n'kumugwira dzanja.

"Ulendo uno palibe za foni, mwana wanga. Ndikutenga ndekha pakhomo pano, ndikakutsitsa ndekha pakhomo la kanyumba kaja, ndipo ndikakupereka ndi dzanja langa lomweli."

M'mawa mwake anzake onse a Birta a kuntchito adali atadziwa kale za lonjezolo. Mwana wamkulu ndithu, wazaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu, ankalifotokoza maso akuwala ngati kamtsikana kolonjezedwa diresi.

Galimoto Torfi adali nayo, pikapu yofiira imene adagula atapuma pantchito n'kuikweza m'mwamba monga timachitira kuno. Chidatsala ndi matayala. Tsono Torfi adali atathera masabata angapo akuonera pafoni magalimoto a kumaiko otentha akusambira m'matope, ndipo mtima wake udagwa m'chikondi. Adaitanitsa matayala anayi a mtundu umenewo osafunsa munthu. Lolemba atafika, adawakweza pangolo n'kupita nawo kwa Dísa, akuliza hutala kuyambira pamlatho, kuti aliyense atuluke adzaone.

Tidatulukadi, ndipo tisanamizane, matayalawo adali ochititsa kaso. Mano ake adali aakulu ngati chala chachikulu cha kuphazi, otalikirana, okhota mwaukali, ndipo m'mbali mwake mudali zilembo zoyera zimene munthu ukadawerenga uli tsidya la msewu. Dísa adawazungulira kawiri. Adakanikiza mbali ya limodzi ndi bondo, koma silidagonje. Adalasa labala ndi chikhadabo, chikhadabo n'kubwerera.

"Asewere, awa ndi okongola zedi," adatero. "Ukupita nawo kukalima mbatata kwa ndani?"

Anthu adaseka chikhakhali, Torfi naye adaseka, poti adaona ngati ndi nsanje chabe. Pamenepo Dísa adasiya nthabwala n'kumufotokozera bwinobwino. Adati tayala la matope adalipangira kukumba, kuti lichotse zofewa lipeze zolimba pansi. Adati labala yake imauma gwa kukazizira, ndipo mbali zake n'zokhuthala kwambiri moti ngakhale utaliphwetsa silingatambasuke. Kenaka adaloza galimoto yake yakale, imene tonse timaitcha Nkhalamba, yoima pa matayala otakata, a mano ang'onoang'ono odulidwadulidwa timizere ndi mpeni, ooneka ngati atha kale ntchito. Adati amenewo ukawachotsa mpweya mpaka geji itaonetsa mapaundi atatu okha amaphwatalala ngati phazi la bakha, galimoto n'kumayenda pamwamba pa chipale osamira.

Torfi adapukusa mutu momumvera chisoni. Adati iye chipale wachiona chochuluka kuposa munthu aliyense m'galajamo, ndipo lamulo lake ndi limodzi: tayala lolimba, la mano, limadula chipale n'kupeza nthaka.

"Pamsewu, inde," adatero Dísa. "Koma kumtunda kuja nthaka ukaipeza mu Juni."

Adamuuza kuti kuseri ali ndi matayala ena anayi ofewa amene angamubwereke mpaka ukwati utatha. Torfi adakana. Dísa adamuuza kuti ngati wakakamira akewo, amulole awadule timizere ndi kuwamata ndi guluu kumalimu, zitsulo zimene matayala amavekedwapo, chifukwa tayala lophwetsedwa kwambiri limavuka palimu likapanda kumatidwa. Apa Torfi magazi adamukwera, poona kuti amuna anzake akumvetsera.

"Ndikudziwa kale zonsezi, Dísa. Pamene ine ndinkayamba kuyendetsa lole, iwe unali ukusewera ndi zidole."

Adakweza matayala ake pangolo n'kubwerera kwawo, ndipo adakawamanga yekha mothandizidwa ndi mkulu wake Ketill. Ketill ndi mlimi wa nkhosa, munthu wosayankhulayankhula, amene mawu ake ambiri amawatulutsira mu akodiyoni. Pomanga tayala lachitatu adangonena chapansipansi kuti wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo kuti mayi uja wathera moyo wake wonse kumtunda. Torfi adayankha kuti akudziwa kale, n'kupopa matayala onse anayi mpaka adalimba ngati miyala.

Loweruka kudacha bwino kwambiri moti ngakhale okonda kudandaula adasowa chonena. Kumwamba kudali mbee, mapiri akuwala, mpweya ukuluma m'mphuno. Azanyengo adalengeza kuti kukhala bata mpaka cha m'ma 3 koloko masana, kenaka chimphepo chidzatsika kuchokera kumpoto. Abusa Oddný adatiuza tonse tili pagalaja kuti ukwati uyamba 1 koloko, ndipo ikamakwana 2 koloko aliyense akhale ali m'galimoto, mphuno italoza kumudzi. Palibe adatsutsa, poti kuno munthu sakangana ndi mphepo ya kumpoto.

Tidali anthu makumi awiri ndi mmodzi m'magalimoto anayi, onse omangidwa maliboni oyera. Torfi adapempha kutsogolera, ndipo ndani akadamukaniza bambo wa mkwatibwi? Birta adakhala kutsogolo, diresi yake yobisika m'chijasi chachikasu cha gulu lopulumutsa anthu kuti Ingvar asaione nthawi isanakwane. Kumbuyo kudakhala Ketill, akodiyoni ili pamiyendo, keke ya ukwati yosanjikiza itamangidwa lamba pambali pake ngati munthu. Nkhalamba idatsatira ndi mkwati, kenaka galimoto ya abusa, ife n'kutsekera kumbuyo.

Makilomita oyambawo adali a Torfi. Msewu wa miyala udali ndi matope osakanikirana ndi madzi oundana, ndipo matayala ake adaudya ngati buledi. Ankamwaza miyala uku ndi uku, adawoloka mtsinje madzi akuthovoka mbali zonse, n'kukatidikira kutsidya atatsamira chitseko, akumwa khofi. Pa wailesi yolankhulirana ya m'magalimoto sitinkamva wina koma iye.

"Nkhalamba, Nkhalamba, uli kuti? Kodi tikutumizire ndodo?"

"Thamanga, asewere," adayankha Dísa. "Mbatata zikukudikira."

Birta ankaseka mpaka misozi, akumenya bambo ake paphewa, Ketill akukoka nyimbo kumbuyo, ndipo magalimoto onse anayi adayamba kuimba pa wailesi, aliyense ndi mawu ake osagwirizana ndi a mnzake. Ketill adatiuza pambuyo pake kuti sadaonepo mng'ono wake ndi mwana wake akusekera limodzi motero. Ngakhale ife akumbuyo tidayamba kunong'onezana kuti mwina Dísa wakalamba nazo nzeru zake.

Pomwe msewu umathera pali chikwangwani chimene m'nyengo yozizira chimangooneka mutu wokha. Pamenepo aliyense amaima, ndipo pali mwambo umene mlendo angauyese mapemphero: anthu onse amatsika, kugwada pambali pa matayala, n'kutsegula mavalavu. Phiri lonse limangomveka tsiii, ngati maketulo ambiri akuwira nthawi imodzi. Tidagwada tonse, ndi abusa omwe, mawondo a thalauzi la ukwati akunyowa. Torfi yekha adaima chilili manja ali m'thumba, nanena kuti kwa zaka makumi atatu ndi zinayi wakhala akulimbana ndi matayala ophwa, ndipo sangayambe lero kuphwetsa ake dala. Birta atamuchonderera, adagwada monyinyirika n'kutsitsa mpaka mapaundi khumi ndi asanu. Matayalawo sadasinthe ngakhale pang'ono maonekedwe ake.

Mwayi udamunyenga. Usiku kudazizira kwambiri, choncho chipale chidali chitauma pamwamba, ndipo pikapu yofiira idathamanga pa chikhungu cholimbacho makilomita pafupifupi makumi awiri. Kukongola kwa kumtunda tsiku lotero kumaledzeretsa. Kulikonse kumene ungayang'ane n'koyera, dzuwa likuthwanima pansi ndi kumwamba, magalimoto anayi akuyandama ngati mabwato, maliboni akuuluka. Anthu ankatulutsa mitu pamawindo n'kumakuwa popanda chifukwa. Ingvar ankafunsa pa wailesi mphindi zisanu zilizonse ngati mkwatibwi wake akadalipo, Birta n'kumayankha kuti akuganizabe.

Kenaka tidatsikira m'chigwa momwe mphepo imaunjika chipale chatsopano, chofewa ngati ufa. Apa Nkhalamba ndi anzake adali atatsogola, ndipo adachepetsa liwiro n'kumakwawa pamwamba pake. Pikapu yofiira idangoti mphuno zyoli. Dísa adaimitsa Nkhalamba. Adabwerera m'mbuyo, kumangirira chingwe, n'kumusolola mofatsa, kenaka adamuuza kuti atsitse mpweya ndipo asamaponde mafuta mwaukali. Torfi adatsitsa mpaka mapaundi asanu ndi atatu, nati chidali chidzenje chobisika chimene chikadagwira wina aliyense. Palibe adamukumbutsa kuti magalimoto atatu adali atadutsa pomwepo.

Chitunda chomaliza chili makilomita asanu ndi limodzi kuchokera pa kanyumbako, ndipo ukafika pakati pake umaona denga lake lofiira patali. Birta adaliona n'kuloza, akudumphadumpha pampando. Torfi, pofuna kuti afike mwaulemerero, adaponda mafuta. Mano aja adagwira ntchito imene adawapangira. Adakumba, chipale chikuuluka kuposa denga, ndipo asanachotse phazi galimoto idali itakhala pamimba, matayala onse anayi akuzungulira m'maenje awoawo. Adayesa kubwerera m'mbuyo, idamirirabe. Tidamangirira chingwe kawiri, ndipo kachiwiriko Nkhalamba yomwe idayamba kukokedwera m'dzenjemo. Nthawi idali itadutsa hafu 11.

Dísa adamasula chingwe chake n'kuchikulunga. Adati galimoto isiyidwe pomwepo, tidzaifukula pobwerera, ndipo atatuwo apanikizane m'magalimoto enawo, poti malo a munthu sasowa. Aliyense adavomereza, ena atayamba kale kusuntha zikwama. Koma Torfi adali atatulutsa fosholo. Nkhope yake idali yofiira kuposa galimoto yake, ndipo tonse tidaona kuti chimene chikumuwawa si chipale ayi, koma kukwera Nkhalamba anthu akuona. Adati adalonjeza kukafika ndi galimoto yake, ndipo mphindi makumi awiri zimukwanira.

Birta adatsika, chipale chikumufika m'mawondo, diresi ataikwinyira m'chijasi, n'kukaima pamaso pa bambo ake.

"Ababa, ine sindikukwatiwa ndi galimoto. Chimene ndikufuna pakhomo paja ndi inuyo. Tiyeni tikwere."

"Tsogola, mwana wanga, ukakonze tsitsi. Usanamalize n'komwe ndikhala ndafika. Zinthu izi ndikuzidziwa."

Birta adawayang'ana nthawi yaitali, ndipo chimwemwe chonse cha m'mawa uja chidachoka pankhope pake. Adatembenuka n'kukakwera galimoto ya abusa. Ketill adatsala, chifukwa kumtunda sitisiya munthu yekha ngakhale atakhala wamakani chotani. Keke nayo idatsala, poti Torfi adati palibe chifukwa choivutitsira.

Zimene zidachitika pachitundapo tidazimva kwa Ketill. Abale awiriwo adakumba mpaka thukuta lidaundana m'ndevu. Akafukula kutsogolo, Torfi ankalowa n'kuponda mafuta, galimoto n'kumira malo atsopano. Ife tidafika pa kanyumba itangodutsa 12 koloko, tidayatsa mbaula, kuyala nyama ya nkhosa yowamba ndi timandasi topota, kupachika maliboni pakhomo. Aliyense ankasuzumira pawindo kuyang'ana kadontho kofiira kumunsi kuja, kamene sikankasuntha. Kota pasiti 12, Dísa adatenga wailesi.

"Torfi, mvera bwino. Kubwera kumeneko ndi kubwerera kuno ndi ola limodzi ndi mphindi khumi. Ndikanyamuka pompano ufika, abusa afupikitsa ulaliki. Ndikachedwa ndi mphindi khumi zokha, zakanika. Ndinyamuke?"

Torfi adayang'ana wailesi, adayang'ana matayala ake. Adamuuza kuti adikire kaye pang'ono. Kenaka, poti panalibe womuona koma mkulu wake, adagwada n'kuchita chimene adauzidwa Lolemba lija: adatsegula mavalavu mpaka mapaundi atatu. Matayala ouma aja adaphwatalala pang'ono chabe, koma pang'onopo padakwanira. Ataika giya yotsikitsitsa n'kusiya galimoto iziyendera, idagwedezeka, idadzuka, n'kukwera pamwamba pa chipale. Ketill akuti mng'ono wake adakuwa ngati wagoletsa chigoli.

"Ndatuluka! Osabwera, Dísa, ndatuluka. Uzani mwana wanga kuti ndili m'njira."

Ku kanyumba tidaomba m'manja, wina adayamba kuimba, ndipo Birta adathamangira kuchipinda kukavula chijasi chija, akuseka ndi kulira nthawi imodzi. Dísa adavula magolovesi amene adali atavala kale n'kukhala pansi.

Pikapu idakwawa bwinobwino kwa kanthawi, koma kukwawa si khalidwe la Torfi. Ataona nthawi, adaona kuti liwiro la kamba limuchedwetsa, ndipo pokhota kuti alowe m'mapazi a magalimoto athu adapinda chiwongolero mwamphamvu n'kuponda mafuta. Kudamveka phuu. Tayala lakutsogolo, louma ndi losamatidwa, lidavuka palimu, mpweya wotsalawo n'kuthawa wonse, ndipo galimoto idagwada mbali imodzi n'kuzimitsa. Abale awiriwo adatsika n'kuima akuliyang'ana. Kulibwezera kunkafuna jeke yaitali ndi thabwa loikira pansi, ndipo zonsezo zidali mu Nkhalamba.

"Guluu uja," adatero Ketill.

Pomaliza Torfi adatola wailesi. Ataitola, mawu ake adali aang'ono moti poyamba sitidawazindikire. Adafotokoza zimene zachitika, napempha Dísa kuti abwere adzamutenge. Nthawi idali itatsala pang'ono kukwana 1 koloko. Dísa adayang'ana abusa, ndipo abusa adatuluka panja kukayang'ana kumpoto. Pamsana pa phiri chipale chidali chitayamba kufuka ngati utsi, chizindikiro chakuti mphepo yafulumira kuposa mmene adalengezera. Atabwerera adanena mosabisa kuti sangasunge anthu onsewa pamwamba pa phiri kwa ola lina. Adati pali njira ziwiri, kumanga ukwati tsopano lino kapena kutsika osamanga, ndipo wosankha ndi mkwatibwi.

Birta adali ataima pakhomo la chipinda mu diresi yake yoyera, nsapato za m'chipale zikusuzumira pansi pake. Adapita pawailesi n'kuitenga yekha.

"Ababa, ndakudikirani masiku ambiri pa moyo wanga, ndipo sindinadandaule. Lero sindidikira. Sankhani: atsibweni a Ingvar andigwire dzanja, kapena amayi ake."

"Amayi ake," adayankha Torfi. "Iwowo ndiwo akufikitsa."

Nyimbo yolowera mkwatibwi idali ya Ketill, ndipo Ketill adali kumunsi. Tsono adakhala pampando wakutsogolo wa pikapu yopendekekayo, chitseko chili chotsegula kuti akodiyoni itambasuke, Torfi atamugwirira cholankhulira cha wailesi pafupi. Wailesi zimenezi zili ndi khalidwe lake: ukakanikiza batani kuti ulankhule, sumva kanthu kuchokera kwinako. Choncho nyimbo idatifika ku kanyumba ikuthetheka, Dísa adalowetsa Birta atamugwira pamkono, Ingvar adaona diresi ija n'kuiwala kutseka pakamwa, amayi ankapukuta misozi, ndipo Torfi sadamve chilichonse cha zimenezi. Dzanja limene adalonjeza kuti lidzapereka mwana wake lidagwira ntchito yokanikiza batani mpaka nyimbo idatha.

Kenaka Ingvar adamanga batani la wailesi yathu ndi liboni kuti likhale lotsegula, n'kuiika patebulo pakati pa makandulo. Abale awiri aja adamvetsera ukwati wonse ali m'galimoto, mawindo akuchita nthunzi, keke itapendekeka kumbuyo kwawo. Adamva abusa akufunsa, adamva Ingvar akuyankha mofulumira funso lisanathe, anthu n'kuseka. Adamva Birta akuti inde, momveka bwino, ndipo phokoso la chimwemwe chathu lidachita kusokosera m'kawailesiko. Ketill akuti adayang'ana panja dala, chifukwa mng'ono wake adali atagoneka mutu pachiwongolero, mapewa akugwedezeka.

Tidawapeza cha m'ma hafu 2, mphepo itayamba kale kukwawa pansi ndi kutiluma m'miyendo. Dísa sadataye nthawi ndi mawu. Adaika thabwa, adakweza galimoto ndi jeke, adapukuta limu, adapopera gasi wolizira injini m'kati mwa tayala, natiuza tonse kuti tifutuke. Ataponya kamtengo ka machesi koyaka kudamveka kuphulika, tayala n'kudumphira palimu pake ngati silidachokepo. Anthu adakuwa ndi kuomba m'manja, poti chimwemwe cha ukwati chidali chisanatuluke m'thupi. Ntchito yonseyo idatenga mphindi khumi ndi ziwiri. Keke tidaidulira pachitseko chakumbuyo cha pikapu, aliyense akudya chiimire, zala zili gwa, maliboni akukupiza.

Torfi adaima pambali, chipewa chili m'manja. Birta adapita kwa iye, mphete ikuwala pachala, chijasi chachikasu chitabwerera pamwamba pa diresi. Torfi adangofunsa ngati nyimbo idamveka bwino, ndi ngati Birta adamumva pamene ankamufunira mafuno abwino kumapeto kwa nyimboyo.

"Ndinakumvani bwino, ababa," adatero Birta, akuwakonza kolala ya jekete imene bambowo adasoketsera tsikulo. "Mawu anu a pa waya ndinawazolowera kale."

Sadanene mwaukali, ndipo adawapsompsona patsaya asanapite kukakwera ndi mwamuna wake. Koma amene tidali pafupi tidaona kuti bwenzi kuli bwino akadawatukwana. Ulendo wobwerera, pikapu yofiira idatsika phiri itamangidwa chingwe kumbuyo kwa Nkhalamba, ndipo pa wailesi sitidamve mawu a Torfi mpaka ku Hella.

Lolemba m'mawa Torfi adafika pagalaja osaliza hutala, nafunsa Dísa ngati matayala ofewa aja akadalipo. Adamvetsera zonse zimene adauzidwa, za timizere, za guluu, za mapaundi, ndipo adafunsanso mafunso ena pamwamba. Lero amayendetsa bwino kumtunda, ndipo Birta amabwera kudzadya naye Lamlungu lililonse. Matayala a mano aja ali kuseri kwa nyumba yake, adawadzaza dothi, ndipo mumabereka mbatata zabwino ndithu. Koma pakhoma la m'chipinda chake chochezera pali chithunzi cha ukwati, chojambulidwa pakhomo la kanyumba ka pa Kaldabunga. Muli anthu khumi ndi asanu ndi anayi, onse akuseka, ndipo m'manja mwa Dísa muli kawailesi komangidwa liboni loyera, kamene adakakweza m'mwamba kuti nako kaoneke. Mlendo akafunsa kuti bambo wa mkwatibwi ali pati, Torfi amaloza kawailesiko. Akuluakulu sadaname pamene adati ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.